ZA ULENDO WA MADZI M'ZOMERA

1. Mbande za Anyamata Awiri

Anyamata awiri a pa mudzi umodzi anapatsidwa mbande za matimati za pa nazale imodzi, kuti akaziwokere m'madimba a makolo awo. Woyamba anali waphuma pa ntchito. Anazula mbande zake dzuwa lili paliwombo, nakutumula dothi lonse la ku mizu kuti zimpepukire ponyamula, nakaziwoka nthawi yomweyo, nazithirira madzi ambiri. Wachiwiri anayamba wathirira nazale, nalindira kufikira dzuwa litapendeka. Pamenepo anakumba mbande iliyonse ndi kamtengo, naitenga pamodzi ndi dothi lake. Ataiwoka anathothola masamba awiri a m'munsi, nazika kanthambi kamasamba pambali pake kuti kaichitire mthunzi.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, mbande za woyamba uja zinagona pansi monga nsanza, chinkana dothi linali lonyowa ndithu. Za mnzake zinawerama pang'ono masana, koma pofika madzulo zinadzuka. Atapita masiku asanu woyambayo anayendera dimba lake, napeza kuti zambiri zafa. Tsono anamka kwa agogo ake nati, "Agogo, ine ndinathira madzi ambiri koposa mnzanga. Nanga mbande zanga zaferanji?" Agogowo anayankha nati, "Mdzukulu wanga, madzi unawathira m'dothi, koma sanafike ku masamba. Unawadulira njira."

Mawu a nkhalambayo anali oona. Madzi a m'dothi sapindulitsa chomera kufikira atalowa m'mizu, nakwera m'tsinde, nafika m'masamba. Phunziro lino linena za ulendo umenewo: polowera madzi, njira imene ayendamo, potulukira pake, ndi mphamvu imene iwakweza.

2. Polowera Madzi

Munthu akazula chimanga amaona mizu yambiri yonga zingwe, nayesa kuti yonseyo imamwa madzi mofanana. Koma sizili chomwecho. Ntchito yaikulu ya mizu ikuluikulu ndiyo kugwiriziza chomera m'nthaka ndi kupititsa madzi m'mwamba. Kumwa kwenikweni kumachitika pafupi ndi nsonga za timizu tating'ono, pamene pamera ubweya woyera, wofewa, wochepa koposa tsitsi la munthu.

Mwana wofuna kuona ubweyawo aike mbewu za chimanga kapena za nyemba m'kati mwa nsalu yonyowa, azisunge pamthunzi masiku anayi kapena asanu, osalola nsaluyo kuuma. Muzu ukatuluka adzaona kuti chapafupi ndi nsonga yake pali chinthu chonga thonje. Umenewo ndiwo ubweya wa muzu. M'nthaka ubweyawu umalowa m'timipata ta pakati pa dothi, nukangamira zolimba, numwa chinyontho chimene chili m'menemo. Popeza uli wosawerengeka, chomera chimodzi chimakhudza dothi lambiri zedi, nichipeza madzi ngakhale pamene munthu ayesa kuti pauma.

Ubweyawu ulibe pakamwa. Madzi amalowa podutsa khungu lake, limene lili lopyapyala koposa. Pakakhala khungu lotere pakati pa madzi a mitundu iwiri, madzi amachoka ku mbali imene ili ndi mchere kapena shuga wochepa, napita ku mbali imene ili ndi wambiri. M'kati mwa ubweya wa muzu muli madzi okhala ndi timichere ndi shuga wambiri koposa madzi a m'dothi. Chifukwa chake madzi a m'dothi amalowa okha, osakankhidwa ndi kanthu.

Khalidwe limeneli la madzi lioneka ndi kukhitchini komwe. Mayi akawaza mchere pa matimati odula kapena pa nkhaka, posachedwa m'mbale mumadzaza madzi, pakuti tsopano mchere wachuluka kunja, ndipo madzi atembenuka natuluka. Momwemonso mlimi akaunjika feteleza wambiri pa tsinde penipeni, dothi lisali lonyowa bwino, madzi amatuluka m'mizu m'malo molowa, ndipo anthu amati chimanga chapsa ndi feteleza.

Mizu imatenganso timichere ta m'nthaka, tochokera ku manyowa, ku phulusa ndi ku feteleza. Timichereti sitingalowe touma. Tiyenera kusungunuka m'madzi, ndipo madziwo ndiwo atinyamula kumka nato ku ziwalo zonse za chomera.

Ubweya wa muzu suli wolimba. Ukhala masiku owerengeka, nufa, ndipo wina watsopano umera pamene muzu uli kukula kutsogolo. Mbande ikazulidwa mwamphamvu, dothi nilikutumulidwa, ubweya wambiri ndi timizu tanthete timatsalira m'nthaka, ndipo zotsala zimauma msanga ndi dzuwa. Mbande yotere ifanana ndi munthu wokhala m'mbali mwa chitsime wopanda chotungira. Uku ndiko kunali kulakwa koyamba kwa mnyamata waphuma uja.

Ndiponso mizu ili yamoyo, nifuna mpweya. Madzi akakhazikika m'munda masiku ambiri amapitikitsa mpweya wa m'dothi, mizu nileka ntchito yake, niyamba kuola. Chotero chimanga cha m'chithaphwi chimachita chikasu, nichifota, chinkana chaima m'madzi.

3. Njira ya m'Tsinde

Madzi atalowa mu ubweya amadutsa mnofu wa muzu kufikira pakati pake. Kumeneko apeza njira yokonzeka, yochokera ku muzu, yopyola m'tsinde ndi m'nthambi, yokafika ku tsamba lililonse.

Njirayi ana onse anaionapo, angakhale sanaizindikire. Wotafuna nzimbe amalavula zotsalira zonga ulusi. Wothyola phesi louma la chimanga amaona ulusi wambiri woyenda m'litali mwake, pakati pa chofewa choyera chija. Mu ulusi uliwonse muli timitsempha ta mphako, tochepa monga tsitsi, ndipo m'menemo ndimo muyenda madzi. Ophunzira za zomera amatcha timitsempha timeneti xylem. Tinapangika ndi tizipinda ting'onoting'ono tosanjikizana, monga mfundo za nsungwi. Tizipindato titakula tinafa, makoma otilekanitsa nabowoka, ndipo panatsala njira yopanda kanthu m'kati. Koma makoma a m'mbali ali olimba ndithu, kuti njirayo isaphwanyike madzi akamakokedwa.

Wofuna umboni adule chimanga chanthete, kapena tsamba la mpiru pamodzi ndi phesi lake, achiimike m'kapu ya madzi osakaniza ndi inki, naika kapuyo poyera pamene pali kuwala. Atapita maola angapo adule tsindelo pakati ndi mpeni wakuthwa. Adzaona kuti inki sinadetse tsinde lonse, koma yaoneka m'timadontho tokha, ndipo kadontho kalikonse ndi pakamwa pa ulusi umodzi. Akachisiya kufikira m'mawa, inkiyo idzaoneka ndi m'mitsempha ya masamba momwe.

M'mitengo ikuluikulu madzi sayenda m'thunthu monse. Wocheka mlombwa amaona kuti pakati pali mtima wofiirira wolimba, ndipo kunja kwake, kunsi kwa khungwa, kuli thabwa loyera. Madzi amakwera m'loyeralo. Mtima uja unanyamula madzi kale, mtengo uli waung'ono, koma unatsekeka, ndipo ntchito yake tsopano ndiyo kuchirikiza mtengo. Ndicho chifukwa chake mtengo wa mphako yaikulu, woti mwana akhoza kubisalamo, umakhalabe ndi masamba obiriwira chaka ndi chaka.

Pali njira yachiwiri, yosiyana ndi iyi, imene ili m'kati mwa khungwa, pamene anthu asendapo luzi. M'menemo muyenda chakudya chopangidwa m'masamba, chotsikira ku mizu ndi kupita ku zipatso. Munthu akasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, mtengo suuma tsiku lomwelo, pakuti njira ya madzi ikali yotseguka, ndipo masamba akhoza kukhala obiriwira miyezi ingapo. Koma mizu siilandiranso chakudya. Pang'ono ndi pang'ono imafa ndi njala, nileka kumwa madzi, ndipo potsiriza mtengo wonse uuma. Wofuna luzi kapena khungwa la mankhwala asende mbali imodzi yokha, kuti njira ya chakudya isaduke.

4. Potulukira Madzi

Pofika m'tsamba njira ya madzi imagawanika. Mwana akaloza tsamba la dzungu kudzuwa adzaona mtsempha waukulu, ndi ina yaing'ono yophuka pa iwo, ndi tina tating'ono koposa tolukana monga ukonde. Palibe malo pa tsamba amene ali kutali ndi kamtsempha.

Pa khungu la tsamba, makamaka kunsi kwake, pali timabowo tosaoneka ndi maso, toonekera pa galasi lokulitsa zinthu lotchedwa maikulosikopu. Dzina lake m'mabuku ndilo stomata. Tili tochuluka kotero kuti pa malo olingana ndi chikhadabo cha munthu pakhoza kukhala zikwi zambiri. Kabowo kalikonse kali ndi tizipinda tiwiri tokhala monga milomo. Tizipindato tikadzala madzi timakhota, kabowo nikatseguka. Madzi akachepa timafooka, kabowo nikatsekeka. Pa zomera zambiri timabowo titseguka usana, nititsekeka usiku.

Nanga tsamba litsegukiranji, popeza madzi atayika potero? Chifukwa chake n'chakuti tsamba ndilo khitchini ya chomera. M'menemo chomera chipanga chakudya chake ndi zinthu zitatu: madzi, kuwala kwa dzuwa, ndi mpweya wa mtundu uja anthu ndi nyama amautulutsa popuma. Mpweyawo ulibe polowera pena koma pa timabowo tija. Tsono m'kati mwa tsamba muli monyowa, ndipo khomo likatseguka kuti mpweya ulowe, madzi amasanduka nthunzi natulukira pa khomo lomwelo, monga nsalu yoyanika imauma padzuwa. Chomera sichikhoza kudya popanda kutaya madzi.

Madzi otayika motere ali ambiri koposa umo anthu ayesera. Mwa magawo 100 a madzi olowa m'mizu, oposa 95 amatuluka pa masamba, ndipo otsala ochepawo ndiwo amanga thupi la chomera ndi kupanga chakudya. Phesi limodzi la chimanga, kuyambira pomera kufikira pokhwima, likhoza kutulutsa madzi ofika malita 200, ndiwo ndowa 10 za malita 20. Mwana ayambe wawerenga mapesi a pa mzere umodzi wa m'munda wa kwawo, ndipo adzazindikira kuchuluka kwa madzi amene munda wonse uutsa m'nthaka.

Nthunziyi siioneka, koma ikhoza kugwidwa. Mwana alowetse kanthambi kamasamba m'botolo louma, osakadula pa mtengo, natseke pakamwa pa botolo ndi kansalu, nalisiye padzuwa. Lisanathe ola limodzi kapena awiri, m'kati mwa botolo mudzachita timadontho ta madzi. Akalowetsa m'botolo lina kanthambi kopulula masamba onse, botololo lidzakhala pafupifupi louma.

Mmodzi wa oyamba kuyesa madziwa pa sikelo anali Stephen Hales, mbusa wa mpingo wa ku Teddington, pafupi ndi London. Iye anali ndi mpendadzuwa wobzala mumphika, wotalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Anavundikira pakamwa pa mphikawo kuti madzi asatuluke m'dothi, nauyesa pa sikelo m'mawa ndi madzulo masiku ambiri. Anapeza kuti pa maola 12 a usana chomeracho chinali kutaya madzi oposa theka la lita, koma usiku chinataya ochepa okha. Zimenezi anazilemba m'buku lake lotchedwa Vegetable Staticks, limene linatuluka m'chaka cha 1727.

Madzi otulukawo satayika chabe. Pokwera anyamula timichere ta m'nthaka kufikira ku nsonga. Potuluka aziziritsa tsamba kuti lisapse ndi dzuwa, monga mtsuko wadothi uziziritsa madzi ake pochita thukuta kunja. N'chifukwa chake mthunzi wa mtengo wamasamba uli wozizira koposa mthunzi wa malata.

5. Chimene Chikweza Madzi

Madzi onse amene anthu awadziwa amatsika. Mvula igwa pansi, mtsinje utsetsereka kumka kunyanja, ndipo wofuna madzi pamwamba ayenera kuwasenza. Koma m'chomera madzi amakwera. Ku California, m'dziko la America, kuli mitengo yotchedwa redwood, ndipo wautali mwa yonse uposa mamita 115, ndiko kunena kuti ukadagona pansi ukadapitirira bwalo la mpira. Madzi afika ku tsamba la pamwamba penipeni pa mtengo wotere, ungakhale ulibe mtima wogunda monga wa munthu, ulibenso mpope. Nanga akwezedwa ndi chiyani?

Ena anayesa kuti mizu ndiyo iwakankha. M'mawu awa muli choonadi pang'ono. Wopita kumunda mbandakucha, dothi lili lonyowa, amaona timadontho pa nsonga ndi m'mphepete mwa masamba a chimanga chanthete. Si mame onse ayi; ena ndi madzi amene mizu yawakankha usiku, timabowo tili totseka. Koma mphamvu imeneyi ili yochepa, siikhoza kufikitsa madzi pamwamba pa mtengo wautali; ndiponso masana, pamene madzi akwera ambiri koposa, siioneka konse.

Ena anayesa kuti m'thunthu muli tizipinda tamoyo topatsirana madzi, monga anthu apatsirana njerwa pomanga nyumba. Eduard Strasburger, wophunzira za zomera wa ku Bonn m'dziko la Germany, anayesa ganizo limeneli, nalengeza zimene anapeza m'chaka cha 1891. Anadula mitengo patsinde, wina wa iyo wotalika kuposa mamita 20, naimika m'migolo ya madzi osakaniza ndi mankhwala akupha. Madziwo anakwera, napha zamoyo zonse za m'njira, nafika ku masamba a pamwamba. Masambawo atafa nauma, kukwerako kunachepa nikuleka. Potero kunadziwika kuti madzi akhoza kukwera popanda mizu, ndi popanda chamoyo m'thunthu, koma masamba ndiwo afunika.

M'chaka cha 1894 anthu awiri a ku Dublin m'dziko la Ireland, Henry Dixon ndi John Joly, anafotokoza umo masamba achitira ntchitoyi, ndipo mafotokozedwe awo ndiwo ophunzira awatsata kufikira lero. Madzi ali ndi khalidwe lakugwirana okhaokha. Dontho la pa nsonga ya udzu wa denga limalendewera, nilitalika, lisanagwe. Magalasi awiri onyowa akaphatikizidwa avuta kuwalekanitsa. Madzi agwirananso ndi makoma a njira imene ayendamo. Tsono m'kamtsempha kochepa monga tsitsi, mopanda mpweya, madzi akhala monga chingwe chimodzi chosaduka, chochokera ku ubweya wa muzu kufikira ku tsamba.

Dzuwa likawomba, madzi pang'ono a m'tsamba asanduka nthunzi nachoka. Malo amene auma akoka madzi a pafupi, amenewo nakoka anzake a m'kamtsempha, ndipo kukokako kutsika m'nthambi, m'thunthu, m'mizu, kufikira m'dothi. Kufanana ndi mkazi wotunga pa chitsime chakuya: iye akoka chingwe pamwamba, ndipo chitini chimene chili pansi chikwera, chifukwa chingwe n'chimodzi. Chotero madzi a m'chomera sakankhidwa kuchokera pansi, koma akokedwa kuchokera kumwamba. Masamba ndiwo manja okoka, ndipo mphamvu yake ichokera ku dzuwa. Chomera sichitayapo mphamvu yakeyake pa ntchitoyi. Chingotsegula ndi kutseka timabowo.

Chingwe cha madzichi chikhoza kuduka. Mpweya ukalowa m'kamtsempha, madzi a pamwamba alekana ndi a pansi, ndipo kamtsemphako kaleka ntchito. Nthambi yodulidwa ikakhala padzuwa kanthawi, mpweya ulowa podulapo, ndipo ingakhale iikidwe m'madzi pambuyo pake siitsitsimuka msanga. Momwemonso pa chilala chachikulu, masamba akakoka kolimba pa dothi louma, zingwe zambiri ziduka, ndipo nsonga za nthambi ziyamba kuuma.

6. Pamene Madzi Achepa

Chomera chanthete chiimirira chifukwa tizipinda take tadzala madzi, monga mpira wopopa bwino. Masamba akataya madzi ambiri koposa amene mizu ilowetsa, tizipindato tifooka, ndipo chomera chifota. Dzuwa lotentha, mphepo, ndi mpweya wouma zifulumiza kutayako. Mitambo, bata ndi chinyezi zikuchedwetsa. Masamba a dzungu amagwa mphwayi masana, nadzukanso madzulo popanda wowathirira, chifukwa dzuwa likapepa mizu ipeza nthawi yobweza madzi amene anatayika.

Chimanga chili ndi njira yake yodzitetezera. Pa ng'amba ya pakati pa dzinja masamba ake apindika m'litali, nakhala osongoka monga a anyezi, kuti dzuwa ndi mphepo zikhudze malo ochepa. Timabowo nato titsekeka. Potero chimanga chipulumutsa madzi, koma chilipira mtengo wake, pakuti khomo lotsekera madzi latsekeranso mpweya, ndipo kupanga chakudya kwaima. Masiku otere chimanga chili ndi moyo, koma sichikula. Ng'amba yoopsa koposa ndiyo yofika pamene chimanga chili kumasula ndi kutulutsa ndevu, chifukwa pamenepo zitsononkho zimatsala ndi maso owerengeka.

Mitengo yambiri ya m'thengo, monga mombo, ithothola masamba m'chilimwe. Yopanda masamba siikoka madzi ambiri, ndipo ilindira chomwecho kufikira nyengo itayandikira kusintha. Mlambe uchita zomwezo, nusunganso madzi m'thunthu lake lalikulu lofewa. Msangu uli ndi khalidwe losiyana ndi inzake. Mizu yake itsika kutali, kumene madzi sauma, ndipo ukhala ndi masamba m'chilimwe, nuwathothola mvula ikayamba. Chifukwa chake sulimbirana madzi ndi kuwala ndi mbewu za m'dzinja, ndipo chimanga chikula bwino patsinde pake, pamene masamba ake ogwa asanduka manyowa.

7. Nzeru za Kumunda

Tsopano zioneka poyera zimene zinachitikira mbande zija. Mnyamata woyamba anaononga polowera madzi, nasiya potulukira ponse potseguka, naziimika padzuwa la masana. Masamba anakoka, koma kunsi kunalibe chomwera, ndipo madzi a m'thupi la mbande anatha. Wachiwiri anasunga ubweya wa mizu m'dothi lake. Pothothola masamba ena anachepetsa potulukira. Powoka madzulo anapatsa mbande usiku wonse, timabowo tili totseka, kuti mizu igwire dothi latsopano. Ndipo mthunzi wa kanthambi unachepetsa kukoka kwa dzuwa kufikira ubweya watsopano utamera. Nzeru yomweyo ndiyo ichititsa alimi kudula masamba a mphukira ya nthochi asanaibzale.

Ntchito zina za kumunda zitsata lamulo lomweli. Udzu uliwonse wa m'munda uli ndi masamba ake okoka madzi, ndipo madzi okwera mu udzu atayika kwa chimanga. Chotero kupalira msanga ndiko kusungira mbewu madzi. Koma wopalira asakhwimitse khasu pafupi ndi tsinde, angadule timizu tomwera. Wothirira athire m'dothi, madzi alowe pansi ndithu, pakuti kuwaza pamwamba pokha kuitanira mizu kumtunda, kumene dothi liuma msanga. Kuphimbira nthaka ndi mapesi kapena udzu wouma kuletsa dzuwa kumwa madzi asanafike ku mizu. Manyowa athandiza dothi kusunga chinyontho nthawi yaitali. Ndipo mitengo yokula msanga, yosathothola masamba, monga bulugamu, imwa madzi chaka chonse. Iyenera kubzalidwa patali ndi dimba ndi kasupe.

Mnyamata woyamba uja anapemphanso mbande zina. Tsiku lowoka anafika pa nazale dzuwa litapendeka, ali ndi kamtengo kokumbira, ndi lichero loikamo mbande pamodzi ndi dothi lake. Agogo ake anamuyang'ana ali kugwira ntchito, osanena kanthu. Patapita masiku atatu mbande zinali chiimire, ndipo pa nsonga zake panaoneka timasamba tatsopano.

MAFUNSO

1. Kodi madzi alowa pa mbali iti ya muzu? Mwana angaione bwanji mbali imeneyo?
2. Chifukwa ninji feteleza wounjikidwa pa tsinde awotcha chimanga?
3. Mtengo wa mphako ukhalabe wobiriwira, koma wosendedwa khungwa kuzungulira umafa. Chifukwa chake n'chiyani?
4. Tsamba litsegukiranji timabowo take, popeza madzi atayika potero?
5. Eduard Strasburger anachita chiyani ndi mitengo yake, ndipo kunadziwika chiyani?
6. Kodi kukwera kwa madzi m'chomera kufanana bwanji ndi kutunga pa chitsime chakuya?
7. Ndi zinthu zinayi ziti zimene mnyamata wachiwiri anachita powoka mbande, ndipo chilichonse chinathandiza motani?